Noah yahaya inatifikitsa ku Matema, koma pepala lawo muziwerenga kaye

Amene mumafunsa za galimoto yomwe tinapita nayo ku Tanzania ndi ana komanso apongozi, tinahaya Noah pa kampani ina ya ku Area 47 konkuno ku Lilongwe. Dzina sinditchula chifukwa pali pomwe anandikhumudwitsa.

Galimotoyo payokha ilibe mlandu. Tinadzaza katundu mpaka kumbuyo osaonekanso koma M1 yonse, Kasungu, Mzuzu, kutsetsereka Chiweta pomwe apongozi anangotseka maso n'kuyamba kupemphera, mabuleki sanatentheko ngakhale pang'ono. Mafuta thirani full pa Mzuzu, musamati tikathira kutsogolo.

Pomwe ndawapatsa ulemu ndi pa mapepala. Galimoto yahaya simungangodutsa nayo pa boda ya Songwe ngati yanu ayi, pamafunika kalata ya eni ake yokulolezani, kope ya blue book, chilolezo cha apolisi ndi inshulansi ija ya COMESA yellow card. Zonsezi anatikonzeratu mu envelopu imodzi, ndiye ife tinadutsa anzathu ena akuimbabe mafoni ku Lilongwe kufuna kalata.

Mukangowoloka n'kuyamba kukwera cha ku Tukuyu dziko limasintha. Nthaka yakuda bii, nthochi ndi tiyi ponseponse, kukuzizira ngati Dedza mu Juni. Chonde chimenechi chinachokera ku phulusa la mapiri omwe ankaphulika moto kalekale, lalikulu ndi Rungwe, pafupifupi mamita 3,000 kutalika. Ana anakonda kwambiri Daraja la Mungu, mlatho wamwala pa mtsinje wa Kiwira womwe unapangika chiphalaphala chitauma, wamng'ono uja anakakamira kuti anamanga ndi anthu basi. Nyanja ya Ngozi ili pamwamba mkati mwa chibowo cha phiri, kokwera wapansi, apongozi anatsala m'galimoto ndi nthochi zawo zootcha. Ndipo kumeneku Noah imavutika, ndiyotsika, misewu yafumbi inkakhula pansi. Mukafuna kulowa mkati kwambiri hayani yaitali miyendo.

Kenako Kyela mpaka Matema, kumapeto kwenikweni kwa nyanja yathu yomweyi, mapiri a Livingstone akuchita kugwera m'madzi.

Tsopano zondinyansa. Sipeya inali yopanda mpweya, tinazindikira tili ku Karonga, mwamwayi tinkangoyang'ana osati titaphulitsa tayala. Chachiwiri makilomita apatsiku ali ndi malire, analemba timalemba ting'onoting'ono kumunsi kwa pepala la mgwirizano ndipo mlongo wa pa ofesi sanatchuleko, ulendo wautali chonchi mumapyola basi, ndiye pobwera anadula pa dipoziti. Yotsalayo kuti abweze mpaka kuwaimbira imbira, mawa bwana, mawa bwana.

Ndingahayenso kwa iwowa chifukwa cha mapepala aja, koma ndikakambirana mtengo wopanda malire a makilomita tisanasaine, ndipo sipeya ndi jeke azitulutsa ndizione ndekha pa geti.