Lisbon kapena Madrid: kwa wolipidwa bwino akugwira ntchito pa intaneti

Munthu akangonena kuti amalandira mayuro kapena madola ali pakompyuta, anzake amathamangira kumuuza kuti apite ku Lisbon, likulu la Portugal. Ine mtima wanga uli ku Madrid, likulu la Spain, makamaka kwa wolembedwa ntchito ndi kampani yakunja.

Tiyambire pa chilolezo. Portugal inatsegula viza ya D8, ya ogwira ntchito pa intaneti, mu Okutobala 2022, ndipo imafuna kuti muzilandira kanayi malipiro otsikitsitsa a dzikolo: mu 2025 anali mayuro 3,480 pamwezi. Spain inatsatira mu 2023, ikufuna kawiri kokha malipiro ake otsikitsitsa. Kwa wolandira zambiri, malirewa si nkhani. Chovuta ndi kudikira. Ku Spain mukalowa mwalamulo mutha kupempha muli komweko, chilolezo chake n'cha zaka 3, ndipo lamulo limati akuyankheni m'masiku 20 ogwira ntchito. Ku Portugal, bungwe loona za olowa m'dziko la SEF litathetsedwa mu 2023, lolowa m'malo mwake la AIMA linalandira mulu wa mafayilo pafupifupi 400,000 osayankhidwa. Kukhala miyezi wopanda khadi lokhalira m'dzikomo, osadziwa ngati mungatuluke m'dziko n'kubwereranso, kumadya mtima ngakhale thumba lili lodzaza.

Pa msonkho ndi pamene pagona kusiyana kwenikweni. Chimene chinakokera anthu ku Lisbon chinali ndondomeko ya NHR, yochepetsera msonkho anthu obwera kudzakhala m'dzikomo, koma boma linaitsekera obwera kumene mu 2024, ndipo yolowa m'malo mwake imalandira ntchito zochepa chabe. Mukapanda kukwanira mmenemo mulipira ngati nzika, ndipo msonkho wa kumeneko umakwera mpaka 48 peresenti. Ku Spain kuli lamulo limene anthu amangolitcha la Beckham: 24 peresenti pa malipiro osapitirira mayuro 600,000 pachaka, m'chaka chofikira ndi zaka 5 zotsatira. Koma chenjerani, lamuloli limakomera wolembedwa ntchito. Wodzilemba yekha nthawi zambiri salowamo, ndipo kwa iyeyo Madrid sikhala yotsika mtengo chotero.

Nanga moyo wa tsiku ndi tsiku? Lisbon ndi yokongola, musalole wina akunamizeni. Mtsinje wa Tejo uli pakhomo, sitima ya ku Cascais imakufikitsani kunyanja m'mphindi 40, ndipo khadi la Navegante la mayuro 40 limakuyendetsani mwezi wonse. Achinyamata ambiri amalankhula Chingerezi. Koma nyumba zakale za m'madera a Alfama ndi Graça zambiri zilibe zotenthetsera. Januwale akafika, chinyezi chimalowa m'makoma ndipo munthu amagwira ntchito atafunda bulangete. Lendi nayo inakwera mpaka eni mzinda akuthawira kunja kwa tauni. Izi zimandikhudza, chifukwa ndalama za alendo ngati ifeyo zikuthandizira kuwakankha.

Madrid ilibe nyanja, ndipo mu Julayi ndi Ogasiti kutentha kumayandikira madigiri 40, choncho musalipire nyumba yopanda makina oziziritsira. Chisipanishi muphunzire ndithu, apo ayi muvutika ngakhale kubanki. Chakudya chamadzulo amadya 9 koloko kapena 10. Komabe ndi mzinda waukulu weniweni: sitima zapansi zimafika pafupifupi kulikonse, nyumba zambiri zimatenthetsedwa m'nyengo yozizira, ndipo sitima yothamanga imakufikitsani ku Barcelona m'maola awiri ndi theka. Miyezi yotentha, wotchi ya ku Madrid imafanana ndi ya ku Lilongwe ndi Lusaka, zimene zimathandiza amene makasitomala kapena banja lake lili kumudzi.

Alipo amene ndingamuuze kuti asankhe Lisbon osaganiza kawiri: mnzathu wa ku Tete kapena ku Angónia amene anaphunzira m'Chipwitikizi. Iyeyo chilankhulo ali nacho kale, mapepala a lendi ndi a msonkho adziwerengera yekha, ndipo ndege ya TAP imachoka ku Lisbon kukatera ku Maputo osaima pena.