Nyumba yosungira ana amasiye: yaukhondo, koma khanda lisakhalitsemo

Nyumba yosungira ana amasiye yomwe ndinaiyendera ndi yaukhondo ndipo chakudya n'chokwanira. Chondidetsa nkhawa n'chakuti olera amasinthana pafupipafupi, kotero kuti khanda silikhala ndi munthu mmodzi woti limuzolowere ndi kumudalira. Ndinaona mwana wongoyamba kuyenda akukangamira mwendo wa mlendo aliyense wolowa pakhomo, khalidwe lomwe limaoneka kawirikawiri mwa ana osowa wowalera wokhazikika. Kafukufuku wa Bucharest Early Intervention Project, yemwe anayamba mu 2000 ku Romania ndi ana 136 okhala m'nyumba zosungira ana, anapeza kuti ana omwe anaperekedwa ku mabanja asanakwanitse miyezi 24 anakula bwino m'nzeru komanso pokhulupirira owalera kuposa anzawo otsala m'nyumbazo. Malo ngati amene ndinayenderawa angathandize pangozi chabe, pamene banja lolera likufunidwa.