SSD inafika ku Wenela, koma kompyuta inakana kudzuka

Mng'ono wanga ali ndi kashopu ku Ndirande komwe amalembera anthu makalata ofunsira ntchito ndi kusindikiza makadi a ukwati. Kompyuta imodzi yomweyo ndiyo imadyetsa amayi ndi ana awiri a mlongo wathu. Tsiku lina anandiimbira pa WhatsApp n'kuyandikitsa foni pa kompyutapo kuti ndidzimvere ndekha: kete, kete, kete, ngati wotchi yapakhoma. "Achimwene, hard drive ikufa iyi."

Abale anga a kuno ku Joni, ambirife timatumiza kumudzi mafoni ndi malaputopu, ndiye mumveko mmene zinandiyendera.

Ndinagula SSD, diski yamakono yosungira mafayilo yolowa m'malo mwa hard drive. Ndinasankha ya 500 GB yolumikiza ndi chingwe cha SATA, chifukwa kompyuta yake ndi yakale, ilibe malo a M.2 olowetsapo SSD za mtundu watsopano. Izi funsani kaye musanatulutse ndalama, akutumizireni chithunzi cha mkati. Hard drive ina sindinaifune chifukwa cha msewu. Mkati mwake mumakhala timbale tozungulira ka 5400 kapena 7200 pa mphindi, ndi kasingano kowerengera. SSD ilibe chozungulira chilichonse. Katundu wochoka ku Johannesburg amadutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue n'kudzalowa pa Mwanza, ali m'ngolo pansi pa mafiriji ndi matumba. Chinthu chosalimba sichingafike chamoyo.

Makampani ngati DHL amakupatsa nambala yolondolera katundu, ndipo mtima umakhala m'malo, koma thumba langa silinalole. Ndinapereka kwa transporter wina amene anzanga a kuntchito ankamutama. Anati masiku anayi. Anatha masiku khumi ndi limodzi. Lisiti sanandipatse, ndipo kwa masiku atatu foni yake inali yozima. Ndinkadzuka usiku n'kuyimbanso. Mng'ono wanga anapita ku Wenela kawiri n'kubwerako chimanjamanja, atatseka shopu tsiku lonse. Ulendo wachitatu anapeza kabokosi kataphwanyika ngodya, kakununkha mafuta ophikira. Chinapulumutsa SSD n'chakuti ndinaikulunga m'masokosi n'kuiika m'kakontena ka pulasitiki kotengera chakudya. Munthu ameneyu sindidzamupatsanso kanthu. Amene safuna kulemba lisiti yokhala ndi dzina la wolandira ndi tsiku, musiyeni.

Ndalama za mmisiri woti aike SSD ndinatumiza pa Mukuru kupita pa Airtel Money, ndipo uthenga unalowa m'foni ya mng'ono wanga ndisanafike pa taxi. Pamenepo ndilibe dandaulo. Ndimayerekezanso ndi Mama Money ndi Hello Paisa, ndipo chomwe ndimayang'ana ndi makwacha amene wolandira agwire m'manja, osati chindapusa chokha. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, tonse tinaphunzira kufunsa rate tisanatumize.

Kulakwa kwanga kunali kutumiza ndalama zonse nthawi imodzi.

Mmisiri wa ku Limbe anaika SSD, analowetsa Windows, kompyuta inathamanga ngati yatsopano, analandira zake n'kumapita. Patatha sabata mng'ono wanga anachotsa hard drive yakale ija poti phokoso linakula. Atayatsa, panangobwera mawu oyera pa sikirini yakuda: No bootable device. Panja pali anthu atatu akudikira makalata awo. Mmisiri uja atamuimbira anati SSD ndi yabodza, ndipo kuti abwerenso timupatse zina.

SSD inalibe vuto. Kompyuta ikamayaka siyambira pa Windows penipeni. Imayamba yafufuza kachigawo kakang'ono ka pa diski kotchedwa EFI System Partition, ka FAT32, nthawi zambiri ka 100 MB, momwe mumakhala Windows Boot Manager, pulogalamu yodzutsa Windows. Ukalowetsa Windows pa diski yatsopano yakale ili momwemo, pulogalamu yolowetsera ikapeza kachigawo kameneka pa diski yakale imangogwiritsa ntchito komweko, osapanga kena. Ndiye nyumba inali pa SSD, koma kiyi wa pakhomo anatsala pa diski yomwe ikufa. Mmisiri akanachotsa chingwe cha hard drive yakale asanayambe, zonsezi sizikanachitika.

Tinakonza pa video call usiku, mnzanga wina wodziwa makompyuta ali pambali panga. Mng'ono wanga anabwereka flash yolowetsera Windows, anayatsira kompyuta pa flash imeneyo, n'kudina Shift ndi F10 kuti atsegule polemba malamulo. Mu diskpart, pulogalamu yogawira diski, anasankha chigawo cha Windows pa SSD, anachichepetsa pang'ono ndi shrink, n'kupanga chatsopano ndi create partition efi size=100. Anachifomata ndi format quick fs=fat32, n'kuchipatsa chilembo S. Kenako mzere umodzi wokha: bcdboot C:\Windows /s S: /f UEFI. Apa samalani, chifukwa ukayatsira pa flash Windows imatha kuoneka pa chilembo china osati C, ndiye yambani mwaona ndi list volume. Diski imagawidwa m'njira ziwiri, GPT kapena MBR, ndipo njira imeneyi ndi ya diski ya GPT. Ya MBR imayenda mosiyana. Ndipo mu diskpart ukasankha diski yolakwika utha kufufuta ntchito za anthu, n'chifukwa chake ndinkamuuza kuti aziwerenga mokweza chilichonse asanadine Enter.

Manja ake ankanjenjemera, ndinkaona foni ikugwedezeka. Atachotsa flash n'kuyatsanso, chizindikiro cha Windows chinatuluka, ndipo ndinamva amayi akufunsa ali kuchipinda: "Yadzuka?"

Mwezi wamawa ndikutumiza SSD ina ya laputopu ya mwana wa mlongo wathu. M'kakontena momwemo ndiikamo flash ya 8 GB yokhala ndi Windows kale. Mmisiri adzalandira theka poyamba, theka linalo kompyuta ikayaka katatu hard drive yakale ili patebulo.