Kutsata zomera za pamwamba pa mapiri: ndime za GLORIA kapena zithunzi za setilaiti?

Amene mukufuna kudziwa zimene kusintha kwa nyengo kukuchita ku zomera za kumtunda kwa mapiri, kupitirira pamene mitengo imalekezera, muli ndi njira ziwiri. Mungakwere phiri n'kumakawerenga zomera pamalo omweomwewo, kapena mungatsitse zithunzi za setilaiti pa kompyuta. Njirazi siziyankha funso limodzi.

Njira yapansi yodziwika kwambiri ndi ya GLORIA, ntchito ya akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana yotsata zomera za pansonga za mapiri, yomwe inayambira ku Ulaya mu 2001 ndipo imayendetsedwa kuchokera ku Vienna. M'dera limodzi mumasankha nsonga zinayi zotalika mosiyana. Pansonga iliyonse mumatsika mamita 5 n'kulemba ndime zinayi za mamita 3 mbali zonse: kumpoto, kum'mawa, kummwera ndi kumadzulo. Timagawo tinayi ta m'ngodya za ndime iliyonse, ta mita imodzi mbali zonse, ndi timene mumawerengamo mtundu uliwonse wa chomera ndi malo amene watenga. Ndiye kuti timagawo 16 pansonga imodzi. Pakati pa ndime mumakwirira kachipangizo kolemba kutentha kwa nthaka ola lililonse, masentimita 10 pansi. Kuderako kukamagwa chipale chofewa, kachipangizoka kamakuuzaninso tsiku limene chasungunuka: nthaka ikakhala yophimbika, kutentha kumangokhala pafupi ndi 0 usana ndi usiku, ndipo kumayamba kukwera ndi kutsika ikangovundukuka. Mumabwererako pakapita zaka 5 mpaka 10.

Phindu lake linaoneka atayerekeza za 2001 ndi za 2008 pansonga 66 za ku Ulaya. Kumapiri a kumpoto ndi pakati mitundu ya zomera inachuluka, chifukwa zokonda kutentha zinali kukwera phiri, pomwe kumapiri ouma a ku Mediterranean inachepa. Chithunzi cha m'mwamba sichikanasiyanitsa zimenezi.

Mavuto ake ambiri amachokera kwa anthu. Wowerenga wina amaona kaudzu kamene mnzake anakaphonya zaka zapitazo, ndipo papepala zimaoneka ngati chomera chatsopano chafika. N'chifukwa chake muziwerenga awiriawiri, m'nyengo yomweyo ya chaka, ndipo musunge zitsanzo zouma za zomera zovuta kuzindikira. Zikhomo zimazuka nthaka ikamaundana n'kusungunuka, choncho jambulani ngodya iliyonse, miyala yoyandikana nayo ioneke. GPS ya m'manja imaphonya ndi mamita angapo, ndipo kagawo ka mita imodzi simungakapeze nayo. Mabatire akathera pansi deta imaduka, ndiye tizipangizoti muzikatiyendera musanafike pa chaka chowerenganso. Mapazi anu omwe amapha zomera, yendani modutsa kunja kwa timagawo.

Setilaiti ili ndi zimene ndime zilibe: imaona phiri lonse, komanso imabwerera m'mbuyo. Landsat, yomwe ndi mndandanda wa masetilaiti ojambula dziko lapansi, yakhala ikujambula kuyambira 1972, ndipo zithunzi zake n'zaulere kuyambira 2008. Kuyambira m'ma 1980 kadontho kamodzi ka pachithunzi kamaimira mamita 30 mbali zonse pansi, ndipo setilaiti iliyonse imadutsanso pakatha masiku 16. Sentinel-2 imaona bwinoko, mamita 10, koma inayamba mu 2015. Mukawerengera NDVI, muyeso wa kubiriwira kwa zomera wochokera pazithunzizi, mumaona ngati malo akubiriwira kapena akuuma.

Koma kadontho ka Landsat kamaphimba malo okwana timagawo 900 ta GLORIA, ndipo thanthwe, udzu ndi mthunzi zonse zimasakanikirana mmenemo. Mitambo imakuta mapiri nthawi imene zomera zikukula. Mthunzi wa m'zigwembe umasintha ndi mwezi. Zithunzi za Landsat 7 zili ndi mizere yopanda kanthu kuyambira May 2003, pamene kachipangizo kena kanawonongeka. Choopsa kwambiri n'kulumikiza zithunzi za Landsat 5, 7 ndi 8 osazilinganiza: makamera ake ndi osiyana, ndipo kusiyanako kungaoneke ngati phiri likubiriwira pomwe palibe chasintha.

Ife timati ngati funso lanu ndi lakuti ndi chomera chiti chikutha, yambani ndi ndime, ndipo musachedwe, chifukwa chaka chimene simunawerenge simungachibweze, pomwe zithunzi zakale mudzazipeza nthawi iliyonse. Setilaiti ikuthandizeni kusankha nsonga ndi kuona ngati zimene mwapeza m'timagawo zikuchitikanso paphiri lonse. Palinso ntchito ina imene imagwira bwino. GLORIA imafuna nsonga zosasokonezedwa kwambiri ndi ziweto kapena anthu, koma kumapiri ngati Mulanje ndi Nyika moto umayaka chilimwe chilichonse. Kumeneko, musananene kuti nyengo ndiyo yasintha zomera, onani pazithunzi za Landsat zaka zimene ndime iliyonse inapsa, muzilembe pambali pa zowerenga zanu.