Ya dizilo kapena ya petulo? Yankho langa kwa anzanga a pa Ntcheu

Chigulitsire galimoto yanga ya dizilo, sabata siipita osafunsidwa. Wina andipeza kushopu, wina kutchalitchi, mlamu wanga wa ku Bembeke ndiye amachita kuimba foni usiku: "Alamu, ndaona ya dizilo yotsika mtengo pa intaneti, nditenge?" Ndaganiza zongolemba kamodzi kuti aliyense aziwerengere yekha. Sindikunena za mapikapu kapena malole, amenewo dizilo ndi kwawo. Ndikunena timagalimoto tofupika, ta matayala otambalala, tomwe munthu amagula chifukwa mtima wake umakonda liwiro.

Ndili ndi shopu ya zipangizo za ulimi pa boma pano, ndipo pafupifupi sabata iliyonse ndimapita ku Lilongwe kukaoda katundu, ulendo wa makilomita pafupifupi 160. Kwa zaka ziwiri ndinkayenda pa galimoto ya ku Ulaya ya dizilo, injini ya malita 2.0 ya turbo. Lero ndili ndi Toyota Mark X ya petulo, V6 ya malita 2.5. Zonse ziwiri ndaziyendetsa pa msewu umodzi womwewo, ndiye zomwe ndikunena ndi zoona ndi maso.

Pa zitunda, dizilo ndi mfumu, ndipo izi sindizibweza. Amene amayenda pa M1 akudziwa momwe msewu umakwerera ukangochoka pa Ntcheu kulowera ku Mlangeni ndi Lizulu. Umapeza thiraki yochokera ku Beira ikukwawa, kumbuyo kwake mzere wa minibasi, mpata wopitirira uli wochepa. Pa ya dizilo ija ndinkangogunda pang'ono, osatsitsa giya, n'kumva msana ukukanikizika kumpando, thiraki yatsala. Chinsinsi chake ndi mphamvu yokoka yomwe amakaniko amaitchula kuti torque, yomwe pa dizilo imabwera injini isanayambe n'komwe kukuwa. Taonani BMW 320d ndi 320i zomwe zinatuluka mu 2012: zonse ziwiri mahatchi 184, koma pa mphamvu yokoka ija ya dizilo ili ndi 380 Nm pomwe ya petulo ili ndi 270. Pa pepala n'zofanana, pa chitunda n'zosiyana kutali.

Pali chinanso chomwe anthu a ku chigwa sachiganizira. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mpweya wa kumtunda ndi wopepuka. Injini yopanda turbo imafooka ikakwera chonchi chifukwa imapuma mpweya wochepa, pomwe turbo imaupanikiza n'kubwezera zambiri mwa zomwe zatayika. Mark X yanga ndikatsika nayo pa Khwekhwerere kupita ku Golomoti imakhala ngati yatsitsimuka, ndikakwera nayo kubwerera ndimamva kuti ikufuna giya yotsika. Ya dizilo ija inkakwera makhotamakhota amenewo ngati palibe kanthu.

Petulo imabweza pa msewu woongoka. Dizilo ikafika cha m'ma 4,500 pa wotchi yoonetsa kuzungulira kwa injini pa mphindi ndiye kuti mpweya wayithera, pomwe V6 imapitirirabe kudutsa 6,000 ikuimba mokoma. Ngakhale pa mapasa a Volkswagen zili choncho: Golf 7 GTI ya petulo imafika pa liwiro la makilomita 100 pa ola m'masekondi 6.5, GTD ya dizilo 7.5. Komatu ndifunse, pakati pa mabampu, njinga za kabaza, mbuzi, ndi anthu a pamsika wa Lizulu, liwiro limenelo mukalithamangira kuti?

Phokoso: m'mawa dizilo imagogoda ngati chigayo chaching'ono, ikatentha imakhala chete. Kuzizira kwa mu Juni kumafuna batire lamphamvu ndi ma glow plug (tizipangizo totenthetsa injini ya dizilo isanalire) amoyo, basi, si nkhani yoopsa.

Pa mafuta ndi pomwe ndinakodwa. Ya dizilo inkandionetsa malita pafupifupi 6 pa makilomita 100, Mark X imadya cha m'ma 10 ndikaigwira bwino. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, MERA inaika petulo pa K2,530 ndi dizilo pa K2,734 lita imodzi. Dizilo inali yokwererapo, komabe ndikawerengera ulendo wopita ndi kubwera ku Lilongwe, ya dizilo inkatha ndalama za mafuta pafupifupi K52,000, pomwe ya petulo ikanatha K81,000. Kusiyana kwa K29,000 sabata iliyonse si masewera kwa munthu wa bizinesi. Ndinkawauza anzanga monyadira kuti galimoto yanga imadzilipira yokha.

Kenako kunabwera kusowa kwa mafuta kwa kumapeto kwa 2024. Nonse mukukumbukira mizere ija, anthu kugona m'galimoto kudikira thankala. Inali nyengo yomwe alimi amagula mbewu ndi mankhwala, shopu ikutha katundu, ine ndagona pamzere usiku umodzi osapeza kanthu. Tsiku lachitatu ndinanyamuka ndi mafuta ochepa omwe anatsala, n'kuima m'mbali mwa msewu pomwe mnyamata wina anali ndi zigubu zachikasu pansi pa mtengo. Ndinanunkhiza, inali dizilo ndithu. Anathira malita 20 kudzera m'botolo lodulidwa pakati, pakamwa pake atakutirapo kansalu. Ndinamufunsa ngati mafutawo anali abwino. "Bwana, awa ndi oyera, mathiraki onse amamwa pompano."

Ndinadutsa pa zipata zolipirira za Kalinyeke bwinobwino. Ndikuyandikira Linthipe galimoto inayamba kunjenjemera, kanyali kooneka ngati waya wopota kanayamba kuphethira pa dashibodi, mphamvu n'kuthawa. Ndinaponda mpaka pansi koma inkangoyenda ngati ngolo. Ndinaikokera pambali, inazima, ndipo sinalirenso. Ndinakhala pamenepo maola anayi, dzuwa la Novembala likuswa mtengo, kudikira galimoto yodzaikoka.

Ku galaja ku Lilongwe, makaniko wachikulire anamasula fyuluta ya mafuta n'kukhuthulira m'botolo loyera. Patapita mphindi zochepa madzi anakhala pansi, dizilo pamwamba, mzere wake woonekeratu. Kenako anatsegula kachipangizo ka pamwamba pa pampu n'kundiitana. Anandiunikira ndi tochi ya foni: tizitsulo tonyezimira ngati mchenga wa siliva. Anapukusa mutu n'kuti, "Achimwene, pampu yadzidya yokha. Tizitsulo iti tafika paliponse."

Anandifotokozera zomwe ndikanakonda kudziwa ndisanagule. Injini za dizilo zamakono, zomwe amazitcha common rail, zimakankha mafuta ndi mphamvu ya mabar 1,600 mpaka 2,000 kudzera m'timabowo tochepa ngati tsitsi. Pampu yochita zimenezi ilibe oyilo wakewake m'magalimoto ambiri ang'onoang'ono, imafewetsedwa ndi dizilo yomweyo. Mukalowa madzi kapena parafini, chitsulo chimakhulana ndi chitsulo. Zonyenyekazo zimapita ku ma injector, omwe amapopera mafuta mu injini, zina zimabwerera ku thanki kudzera m'paipi yobweza mafuta. Ndiye sungasinthe pampu yokha. Ma injector onse anayi, pampu, fyuluta, kutsitsa thanki n'kuitsuka, kutsuka mapaipi onse. Ma injector atsopano amafunanso kulembetsedwa mu kompyuta ya galimoto, ndipo si galaja iliyonse ili ndi makina ake.

Zipangizozo m'dziko muno sizinapezeke, tinaitanitsa ku Johannesburg, ndalama zakunja zikusowa, mtengo ukusintha tsiku ndi tsiku. Galimoto inakhala pa galaja milungu isanu ndi iwiri. Ine ndinkakwera minibasi, makatoni a mbewu ndikulipira padera. Nditaphatikiza zonse, ndalama zomwe ndinkanyadira kuti ndapulumutsa pa mafuta kwa chaka chathunthu zinathera pa chigubu chimodzi chija, ndipo sizinakwane. Ndinagulitsa ng'ombe yomwe ndinkasungira fizi ya mwana wanga wamkulu. Chimenecho ndiye chimandiwawabe mpaka lero.

Wina anena kuti petulo wa m'zigubu nayenso amaononga. N'zoona, ndipo sindikulimbikitsa munthu kumwetsa m'mbali mwa msewu. Koma mnzanga wina amene anathira petulo wamadzi nyengo yomweyo anangotsitsa thanki, kusintha fyuluta ndi mapulagi, madzulo ake anali pa msewu. Wina anenanso kuti Hilux zakale za dizilo zimamwa chilichonse. Eya, koma injini zakale zija ndi zina, izi zothamangazi ndi zina. Osafanizira.

Vuto lachiwiri ndi la inu amene mumangozungulira pa boma. Magalimoto a dizilo a ku Ulaya opangidwa kuyambira cha m'ma 2009 ali ndi sefa ya mwaye ku ekizozi, yotchedwa DPF. Sefayi imadziyeretsa yokha pootcha mwayewo pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 600, ndipo izi zimatheka galimoto ikayenda mtunda wautali osaimaima. Ngati ulendo wanu ndi kunyumba, kusukulu kwa ana, kuofesi, n'kubwerera, injini siitentha mokwanira, sefa imatseka. Ine sinandivutitse chifukwa cha maulendo a ku Lilongwe aja. Galimoto ya DPF imafunanso oyilo wake wapadera wosasiya phulusa lambiri, osati aliyense wa pa shelefu. Ogulitsa ena amaichotseratu sefayo osakuuzani, mumangoona utsi wakuda kumbuyo mukaponda. Musanalipire, pisani chala ku ekizozi itazizira: ya DPF yamoyo siisiya mwaye wambiri pachala.

Za masipeya ndi amakaniko sindichulutsa. Zambiri zomwe zimalowa pa chipata cha Songwe kuchokera ku Japan ndi za petulo, choncho mapulagi, makoyilo ndi mafyuluta a Toyota ukafika ku Biwi ku Lilongwe umawapeza tsiku lomwelo, ndipo makaniko wa pa Ntcheu pompano amaidziwa injiniyo.

Ndiye alamu, yankho langa ndi ili. Ngati mumayenda Lilongwe kapena Blantyre sabata ndi sabata, mumamwetsa pa pampu pokhapokha, mungathe kuiimika galimoto mafuta akasowa osakopeka ndi zigubu, ndipo muli ndi ndalama yapadera yodikira tsoka, tengani ya dizilo, mudzaikonda. Pakasowa chimodzi mwa zinayi zimenezi, tengani ya petulo. Inu mumachoka pa Bembeke kupita pa Dedza boma n'kubwerera, kawiri pa mwezi ndiye mwafika ku Lilongwe. Ya dizilo si yanu.

Ine ndinaikonzetsa ija n'kuigulitsa mwezi wotsatira, wogulayo nditamuuza zonse ndi kumuonetsa malisiti. Mark X imandidyera ndalama zambiri pa pampu, sindikana, ndipo ndikamakwera chitunda cha ku Lizulu thiraki ili kutsogolo phazi langa limaifunabe mphamvu ija. Koma malinga mafuta m'dziko muno akadali osowasowa, galimoto ya common rail siidzagonanso pakhomo panga.