Denel kapena Paramount: zida zankhondo azipanga ndani?

Anzanga a ku Kempton Park akhala akundifunsa kuti chabwino nchiti, fakitale ya zida ikhale ya boma kapena ya anthu wamba. Poti tili kuno ku South Africa, tiyeni tiyerekeze ziwiri zomwe tikuziona ndi maso.

Denel ndi ya boma, idapatuka ku Armscor, bungwe la boma loona za zida zankhondo, mu 1992. Pa luso palibe wotsutsa. Mizinga ya G5 ndi G6 ndi yawo, komanso helikopita ya Rooivalk, ija idathira moto zigawenga za M23 ku DRC mu 2013, ikuthandiza gulu lankhondo la United Nations lomwe munalinso asilikali a Malawi. Paramount si ya boma, adaiyambitsa ndi Ivor Ichikowitz mu 1994, ndipo imapanga galimoto zosaboola zipolopolo monga Marauder ndi Mbombe. Pa changu, Paramount yapambana, basi.

Chomwe chimandiwawa ndi Denel. Kampani ya boma imakhala ndi eni ake ambiri, koma woyang'anira palibe. Komishoni ya Zondo, yomwe inkafufuza za katangale m'boma la South Africa, idaulula momwe VR Laser, kampani yolumikizana ndi banja la amalonda la Gupta, idapatsidwira makontrakiti mwachinyengo. Ndalama zidaphwa. Pofika 2020 ndi 2021 antchito ankalandira malipiro oduladula, miyezi ina osalandira n'komwe, mpaka mabungwe awo kukasuma kukhoti. Tangoganizani injiniya wodziwa kukonza mzinga akusowa ya lendi! Ambiri adanyamuka kupita ku United Arab Emirates ndi Saudi Arabia, luso lawo m'mutu. Mtengo wobisika ndi umenewu: wokonza akachoka, helikopita imangokhala pansi ngati nkhuku yofungatira. Kontrakiti yoti Denel ipange galimoto zankhondo za Badger idasainidwa mu 2007 kuti zilowe m'malo mwa zakale zotchedwa Ratel, koma zaka zidadutsa asilikali akukwerabe Ratel yemweyo.

Musaganize kuti wabizinesi ndi mngelo. Iye amamvera wogula, osati mbendera. Ife Amalawi tikukumbuka 2013, boma la Joyce Banda litagwirizana ndi Paramount za zida, kuphatikizapo maboti olondera pa nyanja nthawi ya mkangano ndi Tanzania. Mgwirizanowo unali wa madola 145 miliyoni, ndipo boma lotsatira, kudzera mwa Goodall Gondwe, lidaudandaula kuti ngwodula kwambiri.

Palinso njira ya pakati: Rheinmetall Denel Munition, komwe kampani ya ku Germany ili ndi magawo 51 pa 100, Denel 49. Iyo ikugulitsa zipolopolo kunja bwinobwino, ngakhale kuphulika kwa mu 2018 ku Somerset West kudapha antchito 8.

Ndiye mukandikakamiza kusankha, ndikuti apange abizinesi, koma boma ligwire chingwe: chilolezo chogulitsa kunja chizichokera ku NCACC, komiti ya boma yoyang'anira malonda a zida, ndipo mtengo wa zipangizo zosinthira zikawonongeka ulembedwe poyera musanasaine. Denel ndidaikonda, koma mwana wanga ataphunzira uinjiniya sindingamuuze kuti akafunsire ntchito kumeneko.