Laimu, boraksi ndi mwala wa m'kati mwa thabwa: zimasiyana bwanji pa moto?

Kalipentala kapena mwini nyumba amene akugula matabwa a paini ku Ndirande kapena ku Limbe ayenera kudziwiratu kuti palibe mankhwala oletseratu thabwa kupsa. Thabwa limayamba kuyaka likatentha kufika pafupifupi madigiri 300, ndipo ntchito ya mankhwala ndi kuchedwetsa malawi kuti anthu apeze mpata wotuluka ndi wozimitsa moto.

Laimu, amene amapakidwa pathabwa ngati penti, ndiye wotsika mtengo komanso wosavuta kupeza. Akauma amasanduka calcium carbonate, chinthu chomwe chimapanganso chigoba cha nkhono, koma amangomata pamwamba, moti thabwa likafufuma m'dzinja n'kuumanso m'chilimwe, iye amang'aluka n'kuyamba kuyoyoka.

Boraksi wosakaniza ndi boric acid (onsewa ndi mankhwala oyera ngati mchere) ndiye amene ndimamuikira kumbuyo pa mitengo ya denga. Amasungunulidwa m'madzi ofunda, matabwa n'kuviikidwamo, ndipo amalowerera bwino thabwa likadali lauwisi kusiyana ndi louma gwa. Moto ukafika, boraksi amatulutsa madzi amene ali m'kati mwake, kenaka amasungunuka n'kuphimba thabwalo, pomwe boric acid amachepetsa kunyeka kwa pansipansi kumene kumadzutsanso moto anthu ataganiza kuti wazima. Mankhwala omwewa amathananso ndi chiswe, chimene kuno chimagwetsa madenga ambiri ngakhale moto usanafike. Kuipa kwake n'kwakuti mvula imawakokolola, choncho amathandiza pansi pa malata, osati pa mabenchi a mumsika amene amavumbwa tsiku ndi tsiku. Paini amawamwa mosavuta, koma mtima wa bulugamu ndi wouma, mankhwalawa salowa kwenikweni.

Njira yachitatu anaionera ku chilengedwe, kumene zamoyo zimalimbitsa zigoba ndi mafupa awo ndi miyala. Mu 2015 ndi 2016 akatswiri a ku yunivesite ya ETH Zurich, ku Switzerland, anaonetsa kuti calcium carbonate angathe kupangika m'timibowo ta thabwa lenilenilo, ndipo thabwa lotero limatulutsa kutentha kochepa likamapsa. Popeza mwalawu susungunuka msanga m'madzi, umapambana boraksi pa mvula, ngakhale kuti umalemeretsa thabwa. Komabe njirayi ikadali ya m'malabotale kwenikweni, ndiye amene akufolera nyumba chaka chino aviike mitengo yake m'boraksi, aiyanike pamthunzi, ndipo aonetsetse kuti malata ake sakudontha.